Chaka Chimene Mphuno Yanga Inanama

Tiyamike ndi Yohane, ana anga, mwandivutitsa mokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga, ndiye ndalemba. Za ubwana ndazidumpha. Mukafuna kudziwa kuti ndinali mwana wotani funsani azakhali anu, iwo ndi amene amasangalala kundinyoza. Ine ndiyambira pomwe ndinayamba kudya thukuta langa, ndipo sindidzikometsera. Mukundidziwa. Ndili ndi mtima wapachala, ndipo adokotala atandiuza kuti ndipume pa ntchito ndisanakalambe chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, palibe amene anadabwa, ngakhale mayi anu.

Chaka choyamba, ku Mtunthama

Mayeso a Fomu 4 ndinakhoza, koma osati kukhoza kopita nako patali. Ntchito imene inapezeka inali ya ukalaliki mu shedi yosankhira fodya pa esiteti ina kufupi ndi Mtunthama. Ndinafika nditavala malaya oyera, cholembera m'thumba, ndikudzimva ubwana. Mkulu wa shediyo anali a Lunguzi, munthu wamfupi, wosaseka, amene anayamba kusankha fodya ine ndisanabadwe. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, kenako anandiyandikira n'kundinunkhiza. Inde, kundinunkhiza, anthu akuona.

"Wasamba sopo wanji?" anandifunsa.

Ndinatchula dzina la sopoyo monyadira.

"Mawa usambe wochapira zovala, wopanda fungo. Mafuta wadzolawo ukapatse alongo ako. Ndipo tsiku limene udzayambe kusuta usadzalowenso muno."

"Koma bwana, ine ndabwerera zolemba."

"Zolemba ngakhale mwana wa sitandade 5 akhoza. Ine ndikufuna mphuno."

Ndinapsa mtima, koma njala inanditseka pakamwa. Kwa miyezi itatu a Lunguzi ankandimanga nsalu m'maso n'kumandipatsa timitolo ta fodya wa bale kuti ndinene za moyo wake. Ndikalakwa ankangoti, "Bwereza," osakweza mawu, ndipo kusakalipa kwawoko ndi kumene kunkandipweteka. Pang'onopang'ono mphuno inatseguka. Fodya wokhwima bwino, wouma mosathamanga, amanunkhira ngati mtedza umene wangotsika kumene pa chiwaya. Wothyoledwa asanakhwime amamveka udzu wongomweta. Woyandikana ndi palafini amadziulula yekha. Ndipo pali fungo limodzi limene a Lunguzi ankati ndilo imfa ya belo: fungo la chuku, lija la m'nyumba yotsekedwa nthawi ya dzinja, lokhala ngati dothi lonyowa. Chuku chimabwera fodya akamangidwa ali wonyowa, ndipo pali alimi ena amene amawaza madzi dala kuti belo lilemere pa sikelo. Ogula ku okushoni akalimva fungo limenelo sakambirana nawe. Belo limabwerera, ndipo dzina la esiteti limanunkha nalo limodzi.

Chaka chachinayi, ku Lilongwe

Anatitumiza ku maphunziro a masabata awiri. Zambiri ndinaiwala, koma sindinaiwale a Zimba, bambo wa mu labotale amene ankatiphunzitsa masana, nthawi imene aliyense amasinza. Anabwera ndi udzu, khungu la lalanje ndi kabotolo ka mankhwala aja timathira pa fodya tikamuthena kuti mphukira zisamere. Anatinunkhizitsa zonse zitatu n'kunena kuti fungo lake ndi la pachibale. Ine ndinaseka mokweza.

"Bambo a ku Kasungu, mukuseka chiyani?"

"Ndikuseka kuti lalanje ndi mankhwala a mphukira akhala abale liti."

Sanakwiye. Anafotokoza kuti chomera chilichonse chili ndi mafuta ake, ngakhale tsamba looneka louma. Ukachidula kapena kuchitikita, ena mwa mafutawo amasweka, n'kutuluka tinthu ting'onoting'ono touluka, ndipo tinthu timeneto ndi timene mphuno imagwira. Tambiri mwa ito a sayansi amatiika m'gulu la alikoholo. "Musanyambite milomo," anatero, "si uja wa ku kachasu. Uyu ndi wochokera m'mafuta, sungaledzere naye." Anati fungo la udzu womweta ndi mmodzi wa iwo, wina ali m'khungu la lalanje, ena m'zipatso zakupsa, ndipo zakudya zambiri zimakoma chifukwa cha iwo, poti theka la kukoma limadzera m'mphuno. Mankhwala a mphukira aja anati amapangidwa kuchokera ku mafuta a kokonati ndi a kanjedza. Apo ndinasiya kuseka, chifukwa ndinakumbukira kuti tsiku lothena fodya munda wonse umamveka ngati munthu wasenda malalanje pafupi ndi sopo. Ndinabwerera ku Mtunthama ndikudzimva kuti tsopano ndadziwa zonse: mphuno ya a Lunguzi ndi sukulu ya a Zimba m'mutu umodzi. Munthu wotero ndi woopsa.

Chaka chachisanu ndi chitatu, ku Lisasadzi

Anandikweza kukhala kapitawo wamkulu wa matenanti pa esiteti ina ya mwini yemweyo ku Lisasadzi. Iwe Tiyamike unali utayamba sukulu, iwe Yohane unabadwira komweko, m'nyumba ya malata ya esiteti ija inali ndi mtengo wa mango kuseri. Manijala anali a Kaphale, munthu wa tayi ngakhale m'munda, wolankhula mofatsa, amene sankasayina chinthu chilichonse chimene wina akanatha kusayina m'malo mwawo. Zosowa zinali zosatha. Chaka china feteleza anafika fodya atafika m'chiuno. Chaka china kunalibe ziguduli zomangira mabelo, tinachita kusoka zakale zong'ambika. Dizilo akasowa, thirakitala inkagona pansi pa mtengo ngati ng'ombe yodwala. Pa zonsezi woyankha kwa matenanti ndinali ine, ndipo ndinkayankha mokalipa, poti yankho lenileni ndinalibe.

Matenanti ankanditchula kuti a Mphuno. Ankayesa kuti sindikudziwa, koma ndinkadziwa, ndipo ndinkalikonda dzinalo. Zaka zitatu zinadutsa popanda belo lathu ngakhale limodzi lobwerera chifukwa cha chuku. Amene ankayesa kuwaza madzi ndinkawagwira belo lisanatsike pa ngolo. Lamulo la esiteti linali lachidule: wothira madzi fodya, fodya wake amalandidwa, iye ndi banja lake amakwezedwa thirakitala kukatsitsidwa pa msewu waukulu.

Epulo wa chaka chakhumi ndi chimodzi

Chaka chimenecho mvula inagwa yosapumira. Kamlatho ka pa dambo kanakokoloka, ndipo mabanja asanu ndi awiri amene ankalima tsidya lina anakhala masabata angapo osalandira phoso lawo la chimanga ndi nyemba. Mkulu wawo anali a Chirwa, bambo wa kumpoto, wa msinkhu wa bambo anga, mkulu wa mpingo, amene anakhala pa esitetiyo nthawi yaitali kuposa ine ndi a Kaphale. Fodya wawo ndiye ankakhala wokongola kuposa wa onse.

Lolemba lina m'mawa mabelo awo oyamba anafika mu shedi. Ndinapisa dzanja m'belo la a Chirwa, ndinasolola kamtolo, ndinaika pa mphuno. Chuku. Ndinapita pa belo lachiwiri. Chuku. La banja lina, chimodzimodzi. Mabanja onse asanu ndi awiri. Magazi anandikwera kumutu mpaka makutu anayamba kulira.

"A Chirwa! Bwerani kuno!"

Anabwera atavula chipewa. "Ndabwera, adada."

"Madzi mwathirawa munatunga pa dambo kapena pa mjigo?"

"Maji yayi, adada. Ine fodya wanga sindinamuthirepo madzi chibadwire."

Anthu onse mu shedi anasiya kusankha. Ana anga, apa ndilemba monga zinachitikira. Ndinawatchula kuti iwe, munthu waimvi. Ndinati, "Iwe mdala, usandipusitse. Lamulungu umaimirira kutsogolo kwa tchalitchi, Lolemba ukuba ndi ndowa. Mphuno iyi sinaphunzire dzulo." Ndinaponya kamtolo kaja pa mapazi awo n'kukaponda ndi jombo. A Chirwa anawerama, anatola fodya wawo, anamusasa fumbi, anatuluka. Masana omwewo ndinalemba lipoti ndi dzanja langa kuti mabanja asanu ndi awiri a tsidya la dambo athira madzi fodya.

A Kaphale analiwerenga akumwetulira, ndipo kumwetulirako kunayenera kundichenjeza. Mwini esiteti anali atanena kale kuti malo a tsidyalo akufuna kuikako ng'ombe, kungoti panalibe chifukwa chochotsera anthu. "Mwagwira ntchito, a Mwale," anatero. "Kalaliki alitayipe, Lachisanu musayine, Loweruka thirakitala iwanyamule."

Kunyumba ndinafotokozera mayi anu, ndikuyembekeza kuti andiyamikira. Iwo anapitiriza kusankha nyemba m'lichero.

"Chukucho mwachiona?"

"Ndachimva."

"Ine ndafunsa za maso, bambo a Tiyamike."

"Kodi kapitawo ndi inu kapena ine?"

"Ndinu. N'chifukwa chake ana a anthu aja akagone pa msewu chifukwa cha inu, osati ine."

Ndinamenya chitseko n'kutuluka. Koma funso lija linanditsatira. Zoona zake n'zakuti sindinatambasule tsamba ngakhale limodzi. Chuku chimaoneka, chimachita mbuu m'mphepete mwa msempha wa tsamba, ndipo fodya wonyowa amatentha ukapisa dzanja pakati pa belo. Ine ndinangonunkhiza n'kuyamba kutukwana.

Lachitatu la sabata lomwelo

Ndinawoloka dambo, buluku nditapinda. Musaganize kuti ndinkapita kukapepesa. Ndinkapita kukafuna umboni woti ndikatseke nawo pakamwa mayi anu: ndowa, chitini chowazira, dothi lonyowa pansi pa chigafa. A Chirwa anali kumunda. Pakhomo ndinapeza akazi awo, a NyaJere, mayi wamtali wosaopa munthu. Sanandipatse mpando.

Ndinalowa m'chigafa. Pansi panali pouma gwa. Fodya amene anali akadali wopachika ndinamugwira: msempha unathyoka kuti thyo, tsamba loyera, lopanda banga. Koma fungo lija linali ponseponse, lamphamvu kuposa la m'mabelo. Ndinalitsatira ngati galu, ndinakwera pa mtanda, mutu unalowa pakati pa masamba. Pamwamba penipeni, pansi pa udzu wa denga, panali zikwatu. Osati ziwiri kapena zitatu. Mzere wonse, kuyambira uku mpaka uko, zomangidwa bwino ndi luzi, zobisika pakati pa fodya. Ndinatsitsa chimodzi n'kumasula masamba a msuku. Munali bowa wofutsa, wouma. Nditamuika pa mphuno, ndinamva fungo lomwe lija la m'mabelo.

"Mayi, ichi n'chiyani?"

"Simukumudziwa bowa, a kapitawo? Kwanu samera?"

"Akutani m'chigafa?"

"Akanakhala kuti? Padzuwa liti? Mvula ija munkaiona muli pa khonde la malata. Ife nyumba ikudontha, ana akulira njala, phoso lanu lili tsidya lija. Bowa anamera m'nkhalango ngati Chiuta wamukhuthula. Tinazula tonse azimayi a kuno, utale, chipindi, aliyense amene tinamupeza. Denga losadontha lodutsa mphepo pano ndi chigafa basi. Tinayanika pa mphasa pansi pa fodya, atauma tinapachika m'mwamba."

"Nanga Lolemba bwanji amuna anu sananene?"

Anandiyang'ana ngati mwana wopusa. "Anene chiyani? Munawafunsa za bowa? Inu munafunsa za madzi, iwo anayankha za madzi. Ndiponso lamulo lanu limati m'chigafa musalowe kanthu kena, m'nkhalango ya esiteti musalowe munthu. Tikanati tinene, mukanatithamangitsa ndi lamulo linalo. Ndiye kusiyana kwake n'kotani?"

Ndinayenda zigafa zonse zisanu ndi ziwiri. Monse munali zikwatu. Monse fodya anali wouma bwino. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganizapo kuti ndiwo ingapatsire fodya fungo, poti kwa iwo bowa ndi chakudya, chuku ndi kuwola, zinthu ziwiri zosayenderana. Ngakhale ine sindinali wotsimikiza. Ndinkangoona kuti maso akunena china, mphuno ikunena china.

Ndinapita kwa a Kaphale matope ali m'miyendo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anakonza tayi.

"A Mwale, lipoti munalemba ndinu kapena ine?"

"Ndine. Ndinalakwitsa."

"Zaka zonsezi mwatiuza kuti mphuno yanu silakwa. Lero mukuti imalakwa. Nanga amene tinawachotsa kale aja, tiwaitanenso? Tamverani. Ogula ku okushoni nawonso ali ndi mphuno. Sadzafunsa za bowa. Mabelo amenewa akabwerera, mwini esiteti adzafuna mutu wa munthu, ndipo sudzakhala wanga. Musayine Lachisanu, nkhani ithe. Muli ndi ana, muli m'nyumba ya esiteti. Ganizani bwino."

Sanali kunama. Iwe Tiyamike unali ukadali ku pulayimale, iwe Yohane uli wamng'ono. Kumudzi kwathu ndinalibe ngakhale khumbi. Ndikasayina, dzina langa la a Mphuno likhala, nyumba ikhala, ndipo palibe akanadziwa kupatula ine, a NyaJere ndi Mulungu. Ndikakana, ndiye kuti ndaika banja langa pa mabelo onunkha.

Lachinayi

Ndinakwera basi yoyamba ya ku Lilongwe popanda chilolezo, nditanyamula timitolo ta fodya m'pepala ndi chikwatu chimodzi m'jumbo ina. Anthu m'basimo ankandiyang'ana. A Zimba ndinawapeza atakalamba, magalasi atakula, koma anandikumbukira.

"Bambo oseka aja a ku Kasungu! Lero mwabwera kudzaseka chiyani?"

"Lero ndabwera kudzasekedwa, bwana."

Anayeza chinyezi cha fodyayo. Chinali chabwino. Anadula tizidutswa ta tsamba ndi ta msempha, anatiika pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono, anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anandiitana kuti ndione ndekha. Panalibe ulusi wa chuku ngakhale umodzi. Atatero ananunkhiza fodya, ananunkhiza bowa, n'kuyamba kuseka mpaka anavula magalasi.

"Mphuno yanu sinalakwe kwenikweni, a Mwale. Yamva chinthu chenicheni. Mukukumbukira banja la alikoholo wa m'mafuta lija? Muli mmodzi amene bowa amatulutsa akadulidwa. Ndi amene amapangitsa kuti bowa amveke bowa, ndiye kukoma kwake kumene. Tsono chuku ndi bowa ndi pachibale, ndipo chuku chimatulutsanso yemweyo. Kanthu kamodzi, eni ake awiri. M'mbale timati kununkhira, m'belo timati kuwola. Ndipo fodya ndi wakuba fungo, chilichonse chokhala naye pafupi amatengako."

"Ndiye kuti ndatukwana munthu wosalakwa."

"Zimenezo makina anga sayeza."

Anandilembera kalata yaifupi yonena zimene anapeza. Anandilangiza kuti timasule mabelo onse, tichotse zikwatu, tiyale fodya pamthunzi podutsa mphepo kwa masabata awiri, chifukwa fungo lobwereka limauluka, pamene la chuku chenicheni limakulirakulira. Koma anandichenjeza kuti sangalonjeze kuti lidzatha lonse, ndiponso kuti kalata yawo singalamule mphuno ya wogula.

Lachisanu ndi masabata otsatira

Lipoti lotayipa linali pa tebulo, cholembera pambali pake. Ndinaika kalata ya a Zimba pamwamba pa lipotilo. Manja ndinawagwirira kumbuyo, chifukwa ndinkadzidziwa.

"Sindisayina, bwana."

"Mwaganiza bwino?"

"Ndikanaganiza bwino Lolemba, bwenzi tilibe nkhani."

A Kaphale anawerenga kalatayo kawiri. Kenako anatulutsa pepala lina n'kulemba kuti mabelo a tsidya la dambo apita ku okushoni pa udindo wa kapitawo Mwale, ndipo akabwerera, kapitawoyo achoka pamodzi ndi mabanjawo. Limenelo ndinasayina. Siginecha inaoneka ngati ya munthu wina, koma ndinasayina.

Tinamasula mabelo onse. Masabata awiri amenewo ndinaonda. M'mawa uliwonse ndinkawoloka dambo kukanunkhiza, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinkaikhulupirira mphuno yanga. Tsiku lina ndinkamva ngati fungo latha, mawa lake ngati labwerera. Ndinayamba kuitana anthu ena kuti anunkhize, ine amene sindinkafunsa munthu. A Chirwa ankagwira ntchito pambali panga, kuyala ndi kutembenuza fodya, osandilankhula kupatula moni. Mayi anu anayamba kulongedza ziwiya m'makatoni mwakachetechete. Nditawafunsa anati, "Ndikungopukuta fumbi." Sindinakalipe. Mphamvu zokalipira zinali zitatha.

Tinamanganso mabelo, lole inanyamula. Masiku anayi kunali zii. Tsiku lachisanu masana ndili mu shedi ndinamva hutala kuchokera ku geti, yosalekeza. Dalaivala wathu, mnyamata wa makani amene ndinkakangana naye sabata lililonse, anatulutsa mutu pa windo lole isanaime.

"A Mphuno! Adutsa! Onse adutsa! La a Chirwa ogula anachita kulimbirana!"

Ndinayang'ana kumbuyo kwa lole. Munalibe belo ngakhale limodzi, ziguduli zokhazokha zopinda. Ndinakhala pansi pomwepo, pa simenti, munthu wamkulu, miyendo nditatambasula ngati mwana. Ndinapuma mpweya umene ndikuganiza kuti ndinaugwira kwa masabata atatu. Azimayi osankha fodya anayamba nthungululu, wina anathamanga kukauza a tsidya la dambo. Ine ndinangokhala. Sindinamvepo kupepukidwa kotero, ngakhale tsiku limene munabadwa, ndipo musakwiye nazo.

Madzulo ake dzuwa lisanalowe ndinapita kwa a Chirwa. Ndinavula chipewa, ndinakhala pansi, ndinati, "Bambo, ndinakulakwirani. Mundikhululukire."

Anapitiriza kupala mpini wa khasu. "Adada, munandilakwira kuno?"

"Ayi."

"Munandilakwira kuti?"

"Mu shedi."

"Ipo mawu anuwa mwasochera nawo. Apititseni kumene kuli mlandu."

Kunali kosavuta kusayina pepala la a Kaphale kusiyana ndi zimenezo. Koma m'mawa mwake, shedi itadzaza, ndinaimitsa ntchito. Ndinaima pamalo pomwe ndinapondera fodya wawo. Ndinanena mokweza, ndi liwu lomwe lija ndinkatukwanira, kuti a Chirwa si wakuba, kuti mabanja a tsidya la dambo sanathire madzi fodya, kuti wolakwa ndi ine amene ndinaweruza ndisanatambasule tsamba. A Chirwa anangogwedeza mutu n'kuvala chipewa chawo. Ndinayesa kuti zatha. Ndiye kumbuyo kunamveka mawu a NyaJere.

"Zamveka, a kapitawo. Nanga chaka chamawa bowa tidzayanika kuti? Kapena mvula mwaipepesanso?"

Shedi yonse inaseka, ine ndemwe. Koma funsolo linali loona. Mvula idzagwanso, kamlatho kadzakokolokanso, ana adzamvanso njala, ndipo zikwatu zidzabwerera m'chigafa, kungoti adzazibisa bwino kuposa kale. Ndinapempha a Kaphale mitengo ndi udzu woti timange kachisakasa koyanikira ndiwo tsidya lija, kutali ndi fodya. Anakana, anati esiteti si ya bowa. Ndinapempha kachiwiri, anakananso. Kachitatu sindinapemphe. Ndinatenga ngolo, ndinadula mabulugamu a esiteti, ndipo Loweruka limodzi amuna asanu ndi awiri ndi ine tinaimika chisakasa chachitali, chotseguka mbali zonse, chokhala ndi thandala la bango m'kati. Azimayi anafolera okha.

Sabata lotsatira ndinalandira makalata awiri mu envelopu imodzi. Yoyamba inali chenjezo, yoti ndinagwiritsa ntchito katundu wa esiteti popanda chilolezo. Yachiwiri inali yondisamutsira ku esiteti yaing'ono ya ku Santhe, kumene ndinakhala mpaka kupuma kwanga. Ankayesa kuti akundilanga. Sankadziwa kuti munthu amene ankayembekeza thirakitala ya pa msewu, ukamupatsa lole yopita ku nyumba ina ya malata, amakwera akuimba.

Pa ntchito yanga yonse ndinalandira makalata a chenjezo anayi. Atatu ndinawatsutsa, ndinakalipa, imodzi ndinaing'amba pamaso pa amene anailemba. Ya mabulugamuyi ndinaiwerenga, ndinaona kuti zonse zolembedwamo n'zoona, ndinasayina pansi pake mosanjenjemera. Tsiku losamuka, lole yathu ikudutsa m'mphepete mwa dambo, mabanja onse asanu ndi awiri anali m'minda yawo akuzula mapesi a fodya, kukonzekera chaka china.